Pampu ya Lole ya Atate

Kanakantapa, Chongwe
17 Ogasiti 2025

Okondedwa Atate,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi amayi kumeneko ku Katete, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ife kuno tili bwino. Chimanga takolola chambiri chaka chino mpaka tasowa poika. Musadabwe kuti ndalemba kalata foni ilipo. Pafoni inu mumandidula mawu ndisanafike n'pakati pomwe, ndiye nkhani ya lero ndikufuna muimve yonse. Ndi nkhani ya lole yanu, ndipo ndikudziwa kuti pofika pamenepa mwakhala tsonga.

Kuyambira mwezi wa Juni loleyi inayamba ulesi. M'mawa inkavuta kulira, pachitunda inkapuma wefuwefu, ndipo nditayang'ana oyilo ndinapeza wachuluka m'malo mochepa, akununkha dizilo. Ndinakumbukira zimene munandiphunzitsa, kuti zikatero ndiye kuti kapampu kokoka dizilo kuthanki kang'ambika mphira ya m'kati. Koma inali nthawi yokolola, ndinati ndidzaona tikamaliza.

Loleyi inatichititsa manyazi tsiku la maliro a amayi ake a Clotilda, mnansi wathu uja. Maliro anakaikidwa kwawo ku Palabana, ndipo monga mwa nthawi zonse anthu anabwera kudzapempha lole yanu. Ine ndinali pachiwongolero, kumbuyo kutadzaza amayi a chigwirizano ndi mayunifolomu awo, akuyimba. Tili pakati pa chitunda injini inangoti zii, nyimbo nayo zii. Atate, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Mlongo wanga Mervin anachita zimene onse amachita kuno. Anathira dizilo m'chigubu, n'kulumikiza kapaipi kupita kuinjini, kuti chigubucho chikakhala pamwamba pa kebini dizilo azitsika yekha. Koma chingwe chomangira panalibe, panafunika munthu wokwera pamwambapo n'kugwira. Amuna onse anayamba kuyang'ana majekete awo a kumaliro. Kenaka bambo wina amene tinamutenga panjira anatsika n'kunena kuti, "Nipaseni, nizagwira ine."

Dzina lawo ndi a Cheelo. Amaweta ng'ombe za mkaka chakumeneko ku Palabana. Anakhala pamwamba pa kebini atakumbatira chigubu njira yonse, mabampu onse aja, dizilo akuwakhavukira pachifuwa. Titafika kumanda anakaima patali okha kuti fungo lisasokoneze olira. Palibe anawauza, anangodziwa okha.

Patapita masiku anatulukira pakhomo panjinga, ati abwera kudzafunsa kuti lole yagona bwanji. Ndinaseka, chifukwa anafunsa ngati mmene munthu amazondera wodwala. Anatipeza tikukangana ndi Mervin. Iye anali ataona pafoni pampu yamagetsi, ndipo ankafuna kuti tingoitanitsa, ati zamakono ndi zimenezo. Ine ndinakana. Mawaya a lole yanu mukuwadziwa, makoswe anawalawa kale, ndiye ndiwapatsenso ntchito yokoka dizilo? Ndinkafuna pampu yonga yakale, yoyendetsedwa ndi injini, yokhala ndi kachitsulo kopopera ndi dzanja. Tinawafunsa mlendoyo kuti atiweruze.

"Ine vamamotoka siniziba, ba Nelesi," anatero. "Niziba chabe ng'ombe. Koma ng'ombe sitigula pa chithunzi."

Amuna ambiri akaona mkazi ali ndi sipanala amayamba kumuphunzitsa zimene iwo eni sadziwa. Awa anavomera poyera kuti sadziwa, kenaka anapempha kuti andiperekeze ku Lusaka kokagula.

Tinakwera minibasi, pampu yakale titaikulunga m'thumba. Ine ndinkayang'ana zanga zimene munandiphunzitsa: ngati kamkono kake n'kofanana kutalika ndi ka yakale, ngati mabowo a mabawuti akugwirizana, ndiponso kutseka polowera dizilo ndi chala n'kupopa kuti ndimve ngati ikukoka n'kugwira. A Cheelo anali ndi mafunso awoawo. Pasitolo yoyamba anatipatsa pampu ya m'bokosi lonyezimira, yopepuka ngati chitini chopanda kanthu.

"Yachoka kuti iyi?" anafunsa a Cheelo. "Nindani anagulako? Ikali kusebenza?"

Wogulitsayo anaseka. "Bosi, ni pampu iyi, si mkazi. Zonse ni zimozi."

A Cheelo anathokoza mwaulemu, tinatuluka. Tinayenda masitolo angapo, paliponse mafunso omwewo, mpaka ine ndinayamba kuchita manyazi, nsapato zikundiluma. Potsiriza tinapeza mayi wina wachikulire wogulitsa zitsulo, a Trinity. Pampu yawo inali yolemera m'manja, kamkono kofanana, ndipo inandikoka chala bwinobwino. Ine ndinali wokonzeka kugula. Koma a Cheelo anafunsanso mafunso awo aja, ndipo mayiwo sanaseke. Anati kuli a Zebron, onyamula mchenga ku Silverest, amene lole yawo ndi yonga yathu, ndipo anagula ya mtundu womwewo chaka chatha mvula isanayambe.

"Tiyeni tikaione isebenza," anatero a Cheelo.

Tinabwerera kunyumba chimanjamanja. Mervin anaseka mpaka kugwira m'mimba, ati anthu awiri akuluakulu apita ku Lusaka kukagula mphepo. Ine ndinapsa mtima, ndipo a Cheelo sindinawatsanzike bwino tsiku limenelo.

M'mawa mwake, atamaliza kukama, anapalasa njinga mpaka ku Silverest. Anawapeza a Zebron, anakwera nawo lole yodzaza mchenga, akumvetsera mmene ikukwerera zitunda. Anapempha kuti awasololere kachitsulo koyezera oyilo, n'kununkhiza, poti ndinali nditawauza za fungo la dizilo. Sanalekere pomwepo. Anapita kwa amuna opakira mchenga, amene amakankha loleyo ikazima, n'kuwafunsa padera mwini wake asakumva. Iwo anati chiikireni pampuyo sanakankhepo. Atabwera kudzandiuza ndinawafunsa chifukwa chake sanakhulupirire a Zebron okha.

"Mwine wa ng'ombe angakunamize," anatero, "koma wamene aikama sangabise."

Tangoganizani, Atate. Munthu wasiya ng'ombe zake tsiku lathunthu, wapsa ndi dzuwa, chifukwa cha lole ya eni ake, ndipo dzulo lake ndinali nditamukwinyira nkhope.

Pampuyo tinakagula kwa a Trinity. Ndinaimanga ndekha, ndinasintha oyilo ndi sefa ya dizilo, n'kupopa mpaka mpweya wonse unatuluka m'mapaipi. A Cheelo ankandipatsira masipanala, ndipo pafupifupi nthawi zonse ankandipatsa olakwika, n'kumadziseka okha. Injini inalira nditangokhudza kiyi. Poyesa tinakapakira manyowa kukhola kwawo mpaka lole kudzaza, ndipo inakwera chitunda chomwe chija osatsokomola n'kamodzi komwe. Mervin tsopano akuuza anthu kuti maganizo anali ake.

Atate, ndazungulira mokwanira, ndipo ndikudziwa kuti amayi, ngati ndi amene akukuwerengerani, azindikira kale. A Cheelo andifunsira, ndipo ine ndikuwafuna. Sindinaiwale zimene munanena za mwana wa a Tenson, mphunzitsi uja wa kwathuko, kuti ndiye woyenera kundikwatira, ndipo sindikumunyoza. Sindinaiwalenso mawu anu akuti mwamuna wosadziwa sipanala sangasunge mwana wanu. Awa sipanala sadziwa, ndaona ndi maso anga. Si akwathu, ndi Atonga, ndipo Chinyanja chawo mudzaseka. Koma ine sipanala ndikudziwa kale, munandipatsa ndinu. Chimene ndinalibe ndi munthu wofatsa chonchi, wosachita manyazi kufunsa, amene akati agwira chinthu amagwiradi. Ndikakhala nawo mtima wanga umakhala pansi. Ndikuwakonda, Atate.

Kumapeto kwa Seputembala ndikufuna kubwera ndi lole kudzakutulirani chimanga. Musade nkhawa ndi mapiri a Manenekela, ikwera. A Cheelo akupempha kuti abwere nawo limodzi ndi amalume awo, adzaonekere kwa inu ndi kwa amalume a Abson monga mwa mwambo wathu. Iwo ati sangaponde pakhomo panu musanalole. Mukakana ndibwera ndi Mervin, chimanga mudzalandira, ndipo sindidzakuchitirani mwano. Koma sindikunamizani kuti ndidzabwerera kuno ndili munthu yemweyo. Yankho mumupatse Jenala amene wabweretsa kalatayi, kapena imbani foni, ine ndidzakhala chete mpaka mumalize.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze kuti chitenje chawo ndagula. Moni kwa amalume a Abson ndi onse a pakhomo. Mervin akupereka moni. A Cheelo nawonso akupereka moni wambiri. Anandifunsa kuti ndilembe kuti moniwo ukupita kwa inu monga a Njobvu kapena monga apongozi, ndipo ndawauza kuti lero ndilemba a Njobvu. Dzina linalo tikudikira kuti mutipatse ndinu.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Nelesi