Mavalavu a Besi

LACHINAYI

Edmore 18:52
ndatsika. kombi, minibasi ija, yapita. mdima bii. agalu okhaokha

Edmore 18:53
komboni yanuyi ili kuti

Janet 19:14
sorry msuweni ndinali ku moto. tsata mabulugamu, ukaona tanki yakugwa khotera kumanzere. mai Filesi akudikira ndi tochi, ndi amene akuona adadi ine kulibe

Edmore 19:15
kulibe? wandichotsa ku Harare iwe kulibe?

Janet 19:17
ndinakuuza ndili pa maricho, ganyu, ku purazi ina, famu yapafupi, tikuwotcha fodya wa munthu. balani ikayaka suisiya, moto ukatsika fodya yense wapita. ndifika Loweruka mmawa chiliza cha amayi chisanavundukulidwe

Edmore 19:58
ndafika. malume atha. sanandidziwe. ati ndine wa katemera

Edmore 19:59
kkkk tuba, chilipenga chawo chija, yagona pa bedi ndi gombeza. eni ake pa mphasa

Janet 20:03
usamati tuba pamaso pawo, dzina lake ndi Besi. anamupatsa mzungu wa purazi nthawi ya band. anzawo onse a band anapita, atsala awiriwa

Janet 20:05
ntchito ukuidziwa, ndiwe wokonza malipenga. sitiroko inapha dzanja lamanja. akufuna aimbire amayi nyimbo imodzi yokha pa manda. umuikire Besi mavalavu, podina zala paja, kumanzere basi

Edmore 20:31
[chithunzi]

Edmore 20:31
mapisitoni awa, mabatani amene amadinawa, ukudziwa ndi a chaka chanji

Janet 20:40
ayi. bwanji

Edmore 20:40
palibe. gona

LACHISANU

Edmore 06:48
sadza yozizira. madzi a mchigubu cha mankhwala a fodya. mumakhala bwanji kuno

Edmore 06:50
plan. ndichotsa mapisitoni atatu. ndiika ma rotary, mavalavu amtundu wina, ndabwera nawo. ofewa. ngakhale mwana adina. ndiwatembenuzira kumanzere

Janet 07:22
akalewo sangatsale pomwepo? uike atsopanowo pambali

Edmore 07:23
galimoto imodzi ma steering awiri?

Janet 07:26
[mawu 0:41]

Edmore 07:30
sindimvera ma voice. kumbuyo kwako kukulira nkhuni. lemba

Janet 07:36
ndimati masana alionse amamukhazika Besi pamiyendo, nkunyamula dzanja lakufalo kuliika pa mabatani. mabataniwo anakumbika ndi zala zawo zomwe. chala chapakati chimagwedera pang'ono. kwina konse sichigwedera. sister wa ku clinic anati asasiye

Edmore 07:37
so? mukufuna nyimbo kapena clinic

Janet 07:39
ndipatse nthawi ndiganize. wawafunsa eni ake?

Edmore 07:40
ndafunsa. ati amayi ako akudikira nyimbo. mtembo kudikira concert

Janet 07:41
usalankhule choncho. anali azakhali ako

Edmore 07:42
chisuweni mkazi wanga. ukwiya?

Edmore 07:55
ndidule?

Edmore 08:20
Janet

Edmore 08:47
gas wanga wowotcherera ndi wochepa. sindinabwere ku holiday

Edmore 09:05
[chithunzi]

Edmore 09:05
ndadula

Janet 10:31
Edmore!! moto unakwera fodya anayamba kuda, phone inali m'thumba. ndinati ndipatse nthawi

Edmore 10:33
ndinakupatsa. unaiwotcha

Janet 10:34
adadi anaona?

Edmore 10:36
anakhala pa mpando kuonerera. sowo ikulowa anagwira chifuwa ngati ndikudula iwowo. Filesi wawatengera kuseri

Edmore 13:12
mkati munali chisa cha mavu. ndi mafuta ophikira. ndani amathira cooking oil mu valavu

Janet 13:30
amayi ankatero. enawo tikanawapeza kuti

Edmore 16:44
yatha. ndawotcherera, sikutuluka mpweya pena paliponse. ndayesa ndekha. galu wathawa. ntchito ya town iyi

Janet 16:50
Mulungu akudalitse msuweni. apatse ayese. unditumizire ndimve pliz

Edmore 17:26
[mawu 0:33]

Edmore 17:26
iyi mvera kkkkkk

Janet 17:31
ndi chani chimenechi

Edmore 17:32
malume ako. nyimbo ya amayi. ng'ombe ikubereka

Janet 17:33
akusekawo ndani

Edmore 17:33
komboni yonse. ndinawaitana. first show

Janet 17:35
wati ikuyenda bwino. bwanji sakuimba

Edmore 17:38
tuba ilibe vuto. mdala sadziwa manotsi. sanadziwepo. ndawafunsa batani loyamba limapereka chani, angondiyang'ana. nyimbo zinali mu zala za kumanja. lamanzere ntchito yake inali kukumbatira chitsulo. silidziwa kanthu

Janet 17:40
aphunzira

Edmore 17:41
pofika mawa 10 koloko? munthu woiwala pomwe waika supuni?

Janet 17:49
unkadziwa

Edmore 17:50
aliyense wa band akanakuuza

Janet 17:50
iwe ndiwe wa band. sunandiuze

Edmore 17:51
unandiitanira mavalavu. osati mutu wa malume

Janet 17:53
bwezera akalewo. usiku uno. ndikupempha

Edmore 17:55
ndinadula ndi sowo osati lumo la tsitsi. mapaipi afupika. sizimera

Janet 17:56
ndiye uwasiye pa bedi. aziikapo zala ngakhale alibe lipenga

Janet 18:10
Edmore, mapisitoni aja ali kuti

Janet 18:32
mai Filesi akuti wawakulunga mu T-shirt waika mchikwama

Edmore 18:47
Filesi maso ngati kamera

Edmore 18:49
pali munthu ku Joni akukonza ina ngati iyi. wasakasaka mapisitoni amenewa zaka. kuno akanadyedwa ndi dzimbiri. ndawapulumutsa

Janet 18:50
ndi chifukwa chake unafunsa chaka

Janet 18:51
ndi chifukwa chake unavomera msanga kubwera. maliro a amayi sunabwere

Edmore 18:53
ndakusiyirani ma rotary aulere. kuthokoza kulibe?

Janet 18:58
malume ako omwewa anakubereka kumsana kupita nawe ku clinic uli ndi chikuku. amayi ako ali ku town

Edmore 18:59
sindikukumbuka

Janet 19:20
[kuimba kosayankhidwa]

Janet 19:21
[kuimba kosayankhidwa]

Janet 19:44
sindingachoke pano, mwini fodya waima pakhomo la balani. ndidikire. tikambirane maso ndi maso

LOWERUKA

Edmore 05:09
ndapeza lole ya nkhuni. ndanyamuka. fumbi lakwana

Edmore 05:11
malume ali maso. akhala panja ndi chinthu chawo. sindinatsanzike, angayambe kulira

Edmore 05:12
musathiremo cooking oil

Janet 07:48
ndafika

Janet 07:52
avala yunifomu ya band. jekete lofiira lija. adzivalira okha ndi dzanja limodzi, mabatani asemphana

Janet 08:06
[chithunzi]

Janet 08:07
ona. anyamula dzanja lamanja aliika pomwe panali mapisitoni. pali chigamba chako chosalala. likungotsetsereka, iwo nkulibwezera

Janet 08:15
chala sichikugwedera

Janet 08:31
akufunsa kuti mwana wa mlongo wanga wapita nawo kuti. ndawauza wapita kukawapukuta

Janet 08:33
anthu ayamba kupita ku manda. akana kudzuka. akuti adikira ubwere nawo

Janet 08:34
ndiwauze nthawi yanji

Janet 09:02
[uthenga sunafike]