Malita Khumi a Dona

Lolemba, pa 3 Juni

Dona wandipatsa malita asanu ndi atatu. Mkaka wolemera, mafuta pamwamba. Zaka zisanu ndi chimodzi ndili nayo ng'ombe imeneyi. Dzinali anaipatsa ndi malemu mkazi wanga, poti imasankha udzu ngati mkazi wa bwana.

Lero lamulo latsopano layamba. Mkaka wonse uzipita ku dipoti ya boma, kugulitsa pakhomo ayi. Gaga nayenso azigulidwa ku dipoti komweko, ndi okhawo amene mkaka wawo walandiridwa. Akuti cholinga nchakuti ana azimwa mkaka wabwino pa mtengo wotsika. Mawuwo ndi abwino, sindikutsutsa.

Mayi telala anabwera ndi kabotolo kawo monga mwa masiku onse. Akulera mdzukulu wa miyezi isanu ndi inayi, mayi ake anamwalira. Ndawabweza chimanjamanja. Manyazi.

Lachitatu, pa 5 Juni

Ine ndimakama dzuwa lisanatuluke. Dipoti amati atsegula 8 koloko. Kalaliki wafika 10, makiyi anali kwa mkulu wake. Ife pamzere, zigubu padzuwa.

Atafika pa ine ananunkhiza. "Wasasa uwu, madala." Anathiramo mankhwala obiriwira kuti ndisakagulitse kwina, nkukhuthulira mu ngalande. Ngalande yonse biriwiri. Ngakhale agalu kuukana.

Akuti ndizikama mochedwa. Kaya ndikamufotokozera bwanji Dona.

Loweruka, pa 15 Juni

Tsopano akutsegula msanga. Koma pachitseko pali pepala lina. Wobwera ndi malita osakwana khumi asalandiridwe, poti mzere ukutalika, kalaliki ndi mmodzi. Ine asanu ndi atatu.

Ndinapempha kuti tiphatikize ndi mayi wina wamasiye amene amakama atatu. Ayi. "Chiphaso chimodzi, chigubu chimodzi, madala. Sindine ndinalemba."

Wachipewa, mnzanga wa pamzere, ng'ombe yake ndi yowonda kuposa Dona, koma wapereka khumi ndi awiri. Ndinamufunsa. Anaseka mpaka kutsokomola. "Achimwene, yanga ili ndi mawere asanu. Linalo ndi lachitsulo, limatchedwa mpopi." Akuti kagalasi koyezera madzi mu mkaka kanasweka sabata yoyamba. Kalata yopempha kena ili kulikulu, ikudikira sitampa.

Zaka makumi anayi ndikukama. Madzi amene anakhudzapo mkaka wanga ndi otsukira ndowa basi.

Lachiwiri, pa 25 Juni

Gaga anatha Lachisanu. Udzu wauma. Dona watsikira pa malita asanu ndi limodzi. Opanda khumi palibe gaga, opanda gaga palibe khumi. Ndalingalira tsiku lonse, sindinaone polowera.

Mkaka uli mnyumba, wogula saloledwa. Ndimamwa, mphaka amamwa, wotsala ndimathira pansi pa mtengo.

Masiku anayi ndakhala ndikupatsa mayi telala kudzera kumpanda wakuseri, waulere. Wina anaona. Lero kwafika woyendera, wa nsapato zonyezimira, anakana kulowa mkhola. Ndinati sindinagulitse, ndinapatsa. Iye: "Ndani anaona kuti ndalama sinadutse? Mukabwereza, ng'ombe tilanda."

Usiku wapitawu mwanayo ndinamumva akulira. Nyumba zathu ndi zoyandikana kwambiri.

Lolemba, pa 1 Julayi

Mwana wanga wamkulu wabwera kuchokera kutawuni, limodzi ndi munthu wa butchala. Osandiuza. Wa butchalayo anazungulira Dona kawiri, kumugwira mnthiti, kumukweza mchira. Dona nkumamunyambita dzanja. Chitsiru.

"Bambo, ng'ombeyi ikukudyani amoyo," anatero mwana wanga. "Amayi kulibe, simungawasunge mkhola."

Sananame kwenikweni. Mafupa a mchiuno a Dona ayamba kusongoka, ungakolowekepo chipewa.

Ndapempha mpaka Lachisanu. Wa butchala ati abwera ndi chingwe masana.

Lachinayi, pa 4 Julayi

Ndinapita kugolosale kukagula mchere. Ndinapezako mayi telala akugula mkaka wa mpaketi, wa boma, uja wochokera ku dipoti. Wotsika mtengo ndithu. Anang'amba pakona, nkudonthezera pachikhatho changa.

"Taonani, agogo. Mpaka mizere ya dzanja kuoneka. Mwana akamwa, pakapita kanthawi walira, kenako kutsegula mmimba."

Mwanayo anali kumsana. Khosi ngati chala changa.

Anatinso: "Amene akuthira madziwa Mulungu awaone. Onse akanakhala ngati inu."

Ndabwerera osagula mchere. Madzulo ndakhala mkhola nthawi yaitali, ndikuchotsa Dona nkhupakupa. Zinalipo zitatu zokha. Ndinapitiriza kufunafuna.

Lachisanu, pa 5 Julayi

Malita asanu ndi limodzi. Anayi enawo pa mpopi wa kuseri kwa msika. Ena anatayikira pa nsapato.

Kalaliki anaviika ndodo yoyezera. Khumi. Sananunkhize nkomwe. "Mwaona, madala? Mukalimbikira zimatheka." Anandipatsa kapepala ka thumba la gaga. Ndinaona ndi maso anga chigubu changa akuchikhuthulira mu thanki yaikulu, pamodzi ndi za ena onse. Wachipewa anandigwira paphewa. Ndikanakonda akanandimenya.

Wa butchala ndamubweza ndi chingwe chake. Dona akudya, mutu sakudzutsa.

Pobwerera ndinakumana ndi mayi telala pamsewu. Anaona thumba panjinga, nkuwomba mmanja. "Zikomo Ambuye, a Dona achira, ayambanso kutulutsa wambiri! Ndiye kuti mpaketi muzikhalako wanu weniweni." Anatembenuka kuti mwana andione.

Ndinati inde, mayi.

Mawa afunanso khumi. Thumbali ndi la sabata imodzi. Botolo loyezera madzi a pa mpopi ndaliika kale mchigubu, kuti mmawa ndisaiwale.