Chithunzi cha Msana wa Felizarda

Mualadzi, 14 Outubro 1957

Okondedwa alongo anga a Bonifácio,

Mundikhululukire zilembo zokhotakhotazi ndi mawu olakwika. Mukudziwa kuti kwa apadiri ndinangokhalako zaka zitatu.

Mvula sinayambe, koma mitambo ikusonkhana, ndiye mtima wanga suli m'malo.

Mwana wanga Felizarda sakuyendanso. Kalinunda kaja kakula. Mwezi watha tinapita naye ku Tete, ine ndi bambo ake a Estêvão, ndipo anamujambula mafupa ndi makina. Adotolo anakweza chithunzicho pawindo n'kutiloza mafupa awiri a msana odyeka ngati chisononkho. Otanthauzira anati, "Mayi, mafupawa akupana mtsempha wopita kumiyendo. Ameneyu ngwokang'ambidwa ku Beira, msangamsanga. Chithunzichi muchisamale, adotolo akumeneko sagwira mpeni asanachione."

A Estêvão anavomera pomwepo. Ine ndinakana. Ndinati mwana sangakang'ambidwe amalume ake, eni mbumba, asanalole. Tinabwerera kumudzi kuti tikufunseni inu ku Halaleko, ndipo kalata imene ndinakulemberani ija sindikudziwa ngati inakufikani.

Tsopano imvani chomwe ndachita. Poopa chiswe ndi makoswe, chithunzi chija ndinachisomeka kutsindwi, pamwamba pa moto, pamene timasungira chimanga cha mbewu. Ndinkati utsi uchisunga monga umasungira mbewuzo. Dzana ndachitsitsa. Chakwinyika ngati chikopa chouma, chamatirira kupepala, ndipo nditayesa kuchiwongola chathetheka pakati. Palibe fupa likuoneka. Ndachibwezera kutsindwi komweko.

Kuti akamujambulenso n'kofunika kukapemphanso chikalata cha ulendo kwa a shefi a ku boma, ndipo mitsinje ikadzaza galimoto sibwera mpaka mvula itatha. Kodi miyendo idikira? Dzulo ndamutsina chala chakuphazi ali maso, sanamve.

Iye amandifunsa, "Amayi, chithunzi changa chilipo? Musachipatse anthu, ndikufuna amalume adzaone m'kati mwanga." Ndimamuyankha kuti chilipo.

Mundiperekere moni kwa alamu a Hana ndi ana onse. Amayi akupereka moni. Felizarda nayenso akupereka moni, wati mumukhululukire kuti mukadzabwera sadzatha kukugwadirani, adzangoomba m'manja chogona.

Yankho lanu sindinalandire. A Estêvão sindinawauze za chithunzichi, ndipo mbewu akufuna kutsitsa Loweruka.

Ndine mlongo wanu,
Quitéria