Alamu anga akulangidwa chifukwa cha adilesi yomwe ndidalakwitsa ine

Aphungu,

Ndine mtsikana wa zaka 26, ndimayang'anira makompyuta pa kachipatala kena ka maso. Ntchitoyi adandipezera ndi alamu anga, akazi awo a achimwene, omwe amakhala pa tebulo lolandirira odwala. Ndiwo adauza adokotala kuti, "Mwanayu mutu wake umagwira, muyeseni."

Mwezi watha ndidasamutsa pulogalamu yolembera masiku a odwala kupita pa kilaudi, kutanthauza makompyuta a kampani ina omwe timabwereka pa intaneti. Mayina a odwala amasungidwa kwina, mu databesi, nkhokwe ya pa kompyuta. Tili nazo ziwiri: yeniyeni, ndi yoyeserera yomwe Lachisanu lililonse imafufutidwa n'kukoperamo za mu yeniyeni. Polumikiza pulogalamuyo ku databesi ndidangotenga adilesi ndi pasiwedi (mawu achinsinsi olowera) zomwe zidali pa laputopu yanga. Zidali za yoyeserera. Pulogalamu idayenda bwinobwino, ine n'kumadzimva kuti ndine katswiri.

Kwa masabata atatu alamu ankalemba odwala, Lachisanu mayina onse atsopano n'kufufutika. Anthu ankabwera pa tsiku lawo koma dzina osapezeka. Bambo wina woyembekezera opaleshoni ya ng'ala adabwezedwa, mkazi wake akumugwira dzanja potsika masitepe. Adokotala adakalipira alamu pamaso pa odwala kuti, "Mayi, ngati kompyuta yakukanikani, nenani." Iwo adangoti, "Ndidalemba, adokotala," n'kuwerama.

Lolemba lapitali ndidatulukira pomwe ndidalakwitsa. Ndidasintha adilesiyo mwakachetechete, osauza munthu. Koma alamu aitanidwa kuti Lachinayi akayankhe mlandu wosasamala ntchito, ndipo mphekesera zikuti awachotsa. Timakhala nyumba imodzi. Dzulo akundipakulira chakudya adati, "Alamu, mundiphunzitseko kompyutayi, mwina ndine mbuli ndithu." Ndili ndi manyazi oopsa, Aphungu, ndipo ndikuopa kuti ndikaulula ntchito yanga ithera pomwepo. Poti ndakonza kale, kuulula kuthandizanso chiyani?

D.K.

Mwanawe D.K.,

Wakonza pulogalamu, koma munthu sudamukonzere kanthu. Kusokoneza adilesi ngakhale akatswiri zimawachitikira. Chomwe chikukudya mumtima ndi kukhala chete kwakoku, ndipo manyaziwo akukuuza zoona.

Yamba ndi alamu akowo, lero, maso ndi maso, osati pa foni. Usakometse mawu. Uwauze kuti iwo ankalemba molondola, wolakwa ndiwe. Akakwiya usawadule pakamwa, ndipo achimwene ako amve kwa iwe, asamve kwa ena.

Mawa m'mawa upite kwa adokotala ndi umboni m'manja. Pa kilaudi pamakhala mbiri yosonyeza tsiku lomwe adilesi idaikidwa ndi lomwe udaisintha. Sindikiza zimenezo. Uwapemphenso kuti, popeza adakalipira mayiwo pagulu, awayeretsenso pagulu.

Usapite ndi misozi yokha. Funsa a kampani yomwe imakusungirani databesi ngati adasungako padera zomwe zidafufutika. Zikapanda kupezeka, iwe ndi alamu ako fufuzani makadi a odwala ndi mauthenga a pa foni ya ofesi, muwaimbire mmodzimmodzi. Woyamba akhale bambo wa ng'ala uja, chifukwa diso silidikira kuti iwe ulimbe mtima.

Kenako tseka mpata. Databesi iliyonse ikhale ndi pasiwedi yakeyake ndi dzina losasokoneza, ndipo za yeniyeni uzizisunga m'malo otetezedwa pa kilaudi pomwepo, osati pa laputopu. Ukasintha chilichonse, lemba dzina limodzi mu pulogalamu, ukalifufuze mu databesi yeniyeni, ndipo mnzako wina aone nawe.

Sindingakulonjeze kuti ntchito yako ipulumuka. Mwina akupatsa kalata yochenjeza, mwina zoposa pamenepo. Koma chenjera ndi mawu akuti "ndinena zikazizira". Lachinayi likadutsa uli chete, mayi wosalakwa atuluka pakhomo la chipatala atanyamula mlandu wako, ndipo madzulo ake adzakufunsa iweyo kuti adalakwitsa pati.

Aphungu