Wandinenera ku Ofesi Ndani?

Lolemba, 4 Malichi
Kakhadi kochokera ku ofesi ya koleji. Akuti abwera kudzaona ngati ndimakhaladi kwa azakhali. Mutu waima. Ndinalembetsa adiresi yawo kuti ndiziwerengedwa wa m'tauni muno, fizi ikhale yotsika. Kugona ndimagona kuchipinda cha lendi kuseri kwa koleji, ine ndi mnzanga Shuga. Akandigwira, fizi ya obwera kutali. Bambo sangaithe, sukulu yathera pomwepo. Alipo wandinenera. Ofesi ija siidzuka yokha.

Lachitatu, 6 Malichi
Shuga wandifunsa kawiri: "Nkhope yagwa bwanji?" Kufunsa kwa munthu wodziwa kale. Sabata yatha ndinamuwotchera bulauzi ndi simbi, iye n'kungoti palibe kanthu. Bulauzi yatsopano, palibe kanthu? Mayeso Lolemba. Tsamba limodzi ndaliwerenga mpaka kutopa, m'mutu mulibe chatsala.

Lachinayi, 7 Malichi
Ku positi, kutumiza mankhwala a maso a Bambo. Masitampa akweranso. Mayi wa pakauntala wayang'anitsitsa adiresi yanga kuseri kwa phukusi, ya kwa azakhali ija. "Kumeneku n'kwa atelala aja? Sindinakuonenikoni." Ndaseka, thukuta lili kamukamu. Kapena ndi iyeyu. Koma angapindulenji?

Loweruka, 9 Malichi
Ndasamutsira katundu kwa azakhali. Sutikesi, mabuku, ndowa. Nsapato ndaziika dala pakhomo pa azakhali kuti wobwera aziona. Pochoka ndamuuza Shuga kumaso kuti ndikudziwa zimene wachita. Wangoti kukamwa yasa, kenako misozi. Kulira aliyense amatha.

Lolemba, 11 Malichi
Mabasi awiri kuti ndifike ku koleji. Ndalowa mayeso mochedwa, funso lomaliza sindinalikhudze. Azakhali andilongedzera chakudya ngati mwana wa pulayimale. Asokanso makatani atsopano a kuchipinda kwanga. Anawasoka liti?

Lachisanu, 15 Malichi
Kudzaza mapepala a msonkho a shopu ya azakhali, poti maso awo savomera zilembo zing'onozing'ono. Akuti ndidzilembe ngati mwana amene akumusunga, msonkho utsikeko. Ehe! Ndiye pali phindu ine kukhala pano. Ndawayang'ana. Iwo akungolowetsa ulusi m'singano. Mwinanso ndayamba misala. Aliyense tsopano ndikumuona ngati kazitape.

Lachiwiri, 19 Malichi
Wabwera wa ku ofesi uja. Kamnyamata koonda, tayi yothina. Kasuzumira kuchipinda, kagwira thaulo kuona ngati ndi lonyowa, kamwa tiyi, kasaina. Zatha, fizi sisintha. Ndikanavina. Koma potuluka kati kwa azakhali: "Mwendo uja uli bwanji, mayi? Tsiku lija munavutika ndi masitepe athu."
Masitepe a ku ofesi.

Lachitatu, 20 Malichi
Ndawafunsa azakhali m'mawa, makina osokera ali mkati molira. Sanakane, sanaleke ndi kusoka komwe.
"Ndinapita ndine. Msonkhowo ndi tindalama tingati? Chimwalirireni ankolo ako ndimadya ndekha, ndimayankhula ndi wailesi. Iwe umabwera Loweruka, kutenga makalata, osakhala ndi pansi pomwe. Adiresi yanga umaifuna, ine ayi."
Ndinafuna kukalipa kuti akanandithetsera sukulu. Ndakwiya, ndipo manyazi andigwira. Sindikudziwa chachikulu n'chiti.

Loweruka, 23 Malichi
Ndinapita kwa Shuga kukapepesa. Pabedi langa pagona kale mtsikana wina, wa chaka choyamba. Shuga wandimvetsera ataima pakhomo, chitseko ali chigwirire. "Ndamva," basi. Sanandiuze kuti ndilowe.
Ndabwerera kuno. Kwina kulibe. Patebulo mbale ziwiri, azakhali aphika zambiri ngati kukubwera alendo. Akundiitana. Ine ndikulembabe.
Akuitananso, mawu atsika, ngati akuopa kuti ndichokanso.