Bambo Sachoka pa Dimba Lanu, Amayi

Malemu Zelifa Makina a ku Jenala, Phalombe.
Wolemba ndine Aliness, mwana wanu wamkazi, m'malo mwa bambo a Goliati ndi mlongo wanga Chikondwero.

Zaka zitatu zakwana chitisiyireni, amayi, ndipo ndili nanu mlandu. Mawu aja munayenera kuwanena pagulu, achimwene anu a Dickson ali pomwepo, koma inu munakawanenera kudimba, mboni zake ine ndi mbande za tomato. Munati mukadzapita, bambo asadzachoke pakhomo pano. Munanena uku mukuzula udzu, osadzutsa n'komwe mutu, ngati mukukamba za mitambo. Ine ndinamva bwinobwino. Koma a malume akuti khutu la mwana si umboni. Lero ndi izi, akufuna kuwasudzula bambo kuti abwerere kwawo ku Kaduya. Ati mkamwini ndi mlendo, mwini nyumba akatsogola nayenso anyamule chikwanje chake azipita. N'chifukwa chake chikumbutso cha chaka chino chatalika. Owerenga andikhululukire, ndili ndi zambiri zoti ndikuuzeni.

Chithunzi chili pamwambachi ndasankha ndine. Ena ankafuna chija munajambulitsa paukwati wa a Happiness, chomwe mwauma ngati chipilala, milomo yotseka. Ndinakana. Ameneyo si inu. Inu ndi awa: duku lopendekeka, manja ali psuu ndi katondo mpaka m'zigongono, mano onse pamtunda chifukwa a Salimu, anzawo a bambo omwe ankakujambulaniwo, anali atangoponda m'beseni lanu la dothi ndi nsapato zawo zatsopano.

Loweruka kwathu silinali tsiku logona. Munkatidzutsa ndi ndowa, kuziwombanitsa dala pakhomo pa chipinda. Tonse anayi kutsetserekera kudimba, bambo patsogolo ndi khasu, ine ndi Chikondwero kumbuyo tikulimbirana ndowa yosadontha. Dimba limenelo munkanena nokha kuti bambo analipeza lili bango lokhalokha ndi achule. Iwo ndiwo anazula bangolo, nakumba chitsime, nabzala nthochi kumalire ndi mapeyala aja. Inu munabweretsamo mpiru, anyezi, tomato, therere, kenaka chinthu chomwe chinkawazunguza mutu anthu odutsa: maluwa. Pakati penipeni pa ndiwo, maluwa achikasu ndi ofiira. Bambo ankadandaula sabata iliyonse kuti maluwa sadyedwa, akungomwa madzi a tomato. Inu munkawayankha kuti maso nawonso ali ndi mimba yawo, ndipo ya bamboyo ndi yofota chibadwire. Iwo ankang'ung'udza, koma ndowa yomaliza ankakaithira pamaluwa pomwepo, poganiza kuti sitikuwaona.

Kudimba komweko ndi kumene munkandilangira. Ndikakangana ndi mwini mbuzi zolowa m'mipanda, ndikamutsatira mpaka pakhomo pake, munkadikira ndipume kaye. Kenaka munkati mkwiyo wanga uli ngati tsabola, pang'ono umakometsa, ukachuluka ndiwo zonse zimatayidwa. Simunandiuzepo kuti ndiusiye. Munkangoti ndiphunzire kuyeza. Lero ndayeza, amayi, musade nkhawa.

Dzuwa likapendeka, titasamba, munkati tiyeni tikadyetse maso. Anthu akatha kukolola nandolo, amayi akayamba kuzira makonde ndi kulemba maluwa m'makoma a nyumba zawo, ife tinkayenda mudzi ndi mudzi kukaona. Ena ankatiseka. Banja lonse, ndi mwamuna yemwe, kuyenda mtunda wonsewo kukangopenya khoma la eni ake? Inu munalibe nazo ntchito. Munkafika n'kuima patali, manja m'chiuno, duu. Kenaka kuyandikira, kukhudza ndi chala, mpaka kununkhiza. Munkasiyanitsa dothi la kumtsinje ndi la pachulu, munkadziwa amene wasakaniza makala ndi phulusa mwaulesi, koma pamaso pa mwini khoma munkayamba mwapeza choyamikira, ngakhale katsamba kamodzi. Zonyoza munkasungira ife panjira yobwerera, ndipo tinkaseka mpaka Chikondwero kukhala pansi.

Nkhondo yanu yokoma inali ndi a Bertha a kutsidya kwa mtsinje. Iwo akalemba nkhanga pakhoma lawo, inu munkabwerera kunyumba osalankhula ndi munthu, ndipo sabata isanathe kwathu kwalembedwa nkhanga ziwiri ndi anapiye ake. Mukakumana kuchigayo munkapatsana moni waulemu wonse, kenaka inu kuwauza kuti ayesetsa chaka chino, kungoti nkhanga yawoyo yabwereka miyendo kwa mbuzi. Iwo kukubwezerani kuti phiri la Michesi lomwe mwalembalo likufanana ndi mbatata yowola. Tikapita kumsika munkatiimika kutsogolo kwa kometera kuti tione mitu yojambulidwa pachikwangwani, ndi pashopu ya a Salimu pomwe pajambulidwa nsomba ija munkati yatenga nkhope ya mwini wake. Sukulu ndinalekera panjira, koma kupenya chinthu mpaka kuchiona ndinaphunzira kwa inu.

Lamulungu tikaweruka kutchalitchi, pakhonde panu pankadzaza. A Salimu ankabwera ndi akazi awo a Fathiya, ndipo nkhuku inkadikira iwowo kuti aizinge okha, tidye tonse mbale imodzi. Ankafika mochedwa nthawi zonse, bambo n'kumawauza kuti nkhuku yatsala pang'ono kufa ndi ukalamba. Inu munkatulutsa thobwa, chinangwa chophika, ndi kalongonda wanu uja munkamuphika kuyambira dzulo lake. Sipankasowa chokondwerera. Tomato akapsa, chikondwerero. Mbuzi ya a Fathiya ikaswa mapasa, chikondwerero. Khirisimasi iwo kwathu, Idi ife kwawo. Wailesi ikaimba nyimbo ya tchopa munkamanga chitenje m'chiuno, kuwakoka bambo pamkono, iwo n'kumavina ngati akuponda nyerere. Kuseka kwanu kunkamveka mpaka kumjigo. Anthu okatunga madzi ankadziwa kuti kwa a Zelifa alendo afika.

Tikukulirani, amayi, aliyense m'njira yake. Chikondwero ali ku Limbe, koma akabwera amayamba wazungulira kuseri kwa nyumba kukaona khoma asanapereke moni kwa munthu. A Fathiya mpaka lero akalowa pakhomo amaitana dzina lanu, kenaka n'kugwira pakamwa. A Bertha anasiya kulemba nkhanga. Akuti palibenso wopikisana naye. Ine ndimalira ndikamathirira, poti pamenepo palibe amandifunsa.

Tsono imvani za amuna anu. Mvula ya chaka chomwe munapita inadya khoma lija. Maluwa anu omaliza anayamba kusungunuka, nkhanga kutsala mutu wokha. Ine ndinati ndiyese kulembanso, koma dzanja langa ndi lothamanga, mukulidziwa. Tsiku lina Loweruka, titachoka kudimba, ndinaona bambo akuchokera kumtsinje atasenza beseni la dothi pamutu. Pamutu, amayi, ngati mkazi. Anakhala pansi, nasefa, nasakaniza monga ankakuonerani muchitira, nayamba kutsata mizere yanu ndi chala, pang'onopang'ono, lilime lili panja. Amayi opita kumjigo anaima, ena kuseka mpaka kutaya madzi. Anyamata a kabaza anaimitsa njinga. Bambo osatembenuka. Nkhanga yawo inatuluka yonenepa ngati bakha, koma inatuluka. Chaka chatha anabwerezanso, chaka chinonso. A Bertha atamva anawoloka mtsinje, naima patali nthawi yaitali. Kenaka anapinda chitenje, napisa dzanja m'beseni, nakonza tsamba limodzi lomwe linapotoka, n'kumapita.

Khoma lomwelo ndilo a malume aligwira ngati chifukwa. Akuti mwamuna wozira nyumba mutu wake sukuyenda bwino. Akuti akutichititsa manyazi mbumba yonse, ndipo mankhwala ake ndi amodzi, asudzulidwe, apite kwawo akapeze mkazi wina womuzirira. Dimba akuti aliyang'anira iwo. Ine ndikuwafunsa kuti, zaka zonsezi a malume anagwirapo ndowa kudimba kuja? Njira yake amaidziwa nthawi ya mapeyala basi. Pamene munkadwala, amene ankakunyamulani panjinga kupita kuchipatala, kukusambitsani, kukutulutsani pakhonde kuti muone maluwa anu, sanali mlendo. Nthawi imeneyo palibe ananena kuti ntchito ya akazi yamuchititsa manyazi.

Chomwe chinandiwawa kwambiri si mawu a malume ayi. Sabata yatha ndinapeza kuseri kwa chitsime bambo atandandalika timachubu tapulasitiki tobzalamo mbande. Aduladula nthambi za maluwa anu, mtundu uliwonse kamodzi, n'kuzibzala m'menemo kuti akanyamule popita ku Kaduya. Sanandiuze. Anali atavomera kale mumtima. Nditawafunsa anangoti mkamwini sawiringula, mwananga, pamudzi pa eni sukweza mawu. Munthu wa imvi, amene anakumba chitsime chomwe mudzi wonse umatungapo chilimwe chikafika, kumaba nthambi m'dimba lake lomwe ngati wakuba. Ndinatenga timachubu tonse, n'kung'amba, n'kubzala nthambizo pansi, m'mphepete mwa mizere ya anyezi. Ndinawauza kuti akafuna kuzitenga adzachite kuzula ine ndikuona. Iwo anangopita kukatunga madzi n'kuthirira.

Mwambo ndikuudziwa, ndipo sindikulimbana nawo. Ndafunsa amayi achikulire a mbumba yathu mmodzimmodzi, ndakhala nawo pansi, ndamva. Kusudzula ndi kumasula munthu kuti ngati afuna kupita apite ndi mtima woyera, asamangike ndi maliro moyo wake wonse. Si kumuthamangitsa ngati galu wakuba mazira. Ndipo mwambo womwewo umati munda wa mayi umatsikira kwa mwana wamkazi. Dimba lija agogo anakusiyirani inu, inu mwasiyira ine. A malume ndi mwini mbumba, inde, ntchito yawo ndi kutiteteza ndi kutiweruza tikayambana. Koma khasu lolowa m'dimba muja ndimaloleza ndine. Tsono ine mwini wake ndanena kuti bambo anga akhala. Awamasule, palibe choletsa. Akafuna kudzakwatira tsiku lina, ine ndidzavina nawo, inunso ndikudziwa simungawachitire nsanje, mwina mungangoseka mavinidwe. Koma kuchoka achoke okha mwa kufuna kwawo, osati chifukwa wina wachita manyazi ndi dothi la m'manja mwawo.

Loweruka likudzali ankhoswe a mbali zonse akumana pakhomo pathu. Andiuza kale kuti ana amakhala kumbuyo, amamvera. Ndikhala kumbuyo, ndigwada monga munandiphunzitsira, koma ndilankhula, ndipo mawu anu aja a kudimba ndiwanena onse osasiyako. M'mawa wa tsikulo tiyamba tapita kukathirira monga mwa masiku onse, poti tomato sadziwa za milandu. Mpando wa a malume ndiuika moyang'anana ndi khoma, kuti poweruza aziona chomwe akuchitcha misala. Chikondwero akubwera. A Bertha ati awoloka. A Salimu ndawauza abwere ndi mpeni wawo, nkhuku ilipo, ndipo nkhani ikatha tidya pakhonde panu bambo ali pamalo pawo. Sindikukayika ngakhale pang'ono. Gonani mumtendere, amayi. Malinga dzanja la wina wa ife likugwira dothi, dzina lanu silifufutika pakhomo pano.

Mundilole nditembenuke pang'ono, poti ndikudziwa tsamba lino lifika kwa achimwene anu. A malume, inunso mumakhala chikamwini ku Mkhumba. Nyumba yanjerwa mwamanga kumeneko, mango mwabzala, ana anu abadwira pomwepo. Mulungu awasunge azakhali, koma tsiku lomwe alamu anu adzakuuzeni kuti nyamulani chikwanje chanu muzipita, mudzati ndi chilungamo? Ngati mudzatero, bwerani mudzanene pamaso pa bambo anga ndi pamaso pa anthu. Ngati ayi, mutiuze chomwe bambo anga asiyana nanu. Musatume munthu. Loweruka mudzandiyankhe nokha.