Amayamba ndi Mchira

Lolemba, 6 Januwale 2025

Kusikelo lero. Anamwino a Pilira andipapasa pamimba, akuti mwana wakhala tsonga, mutu m'mwamba, miyendo pansi. Akuti ndisachedwe, ndikadikirire ku chipatala chachikulu ku boma. Ndabwerera m'nkhungu mtima uli m'mwamba.

Apongozi atamva angoti, "Mapinga amenewo. Mwana sakhala choncho popanda chifukwa." Ndiye kuti pakati pa ine ndi amuna anga wina wayenda njira zoipa. Mwana wawo salakwa, watsala ndani? Ine, amene chipitireni amuna angawo a Rafaelo ku Kepi, ku Joni, mu Juni ndimangodziwa njira ya kumunda wa mbatatesi ndi ya kutchalitchi. Zandiwawa.

Lachitatu, 8 Januwale

Vidiyo yochokera kwa a R. Apeza ganyu yotsuka boti la ophunzira amene amawerenga madolofini. Ndinakwera pachulu kuti netiweki igwire.

Ambuye, padziko pali zinthu. Nyama yotalika ngati munthu basi, kutsogolo kotuwa, kumsana kwakuda, kumimba koyera ngati yavala epuloni. Kudumpha chilili, kutembenuka m'malere, n'kulowanso m'madzi mwakachetechete. Ndaonera kasanu ndi kawiri mpaka batire kutha.

Akuti madziwo amazizira kuposa a pachitsime chathu mu Julayi, koma madolofiniwo ndiye kwawo, kofunda sapitako. A ku Bembeke anzathu, ozolowera chisanu.

Za mapinga sindinawauze.

Lachisanu, 10 Januwale

Ndawaonetsa apongozi. Iwo Lachisanu sadya nyama, ndiye funso loyamba: "Nsomba imodzi yomweyi, ndiwo za Lachisanu kangati?" Ndawauza zimene ananena a R., kuti si nsomba. Imapuma mpweya ngati ife, pabowo la pamutu, ndipo imayamwitsa. "Kuyamwitsa m'madzi? Mkakawo osasungunuka?" Akuti anthu akumeneko akumupusitsa mwana wawo. Taseka limodzi, koyamba sabata ino.

Kenaka akuti, "Mukaulula msanga, mwanayo atembenuka." Kuseka kunathera pomwepo.

Lamulungu, 12 Januwale

Ku Misa amayi awiri a mumphakati wathu andiyang'ana pamimba, kenaka n'kuyang'anana. Nkhani yayenda.

Lachiwiri, 14 Januwale

Ndalephera kupirira, ndawaimbira a R. n'kuwauza zonse. Kumbuyo kwawo ndinkamva mafunde. Kenaka akuti, "Amayi ndilankhula nawo. Koma tamvani izi."

Dzulo m'mawa, nthawi imene madolofiniwo amayandikira kumtunda kudzapumula, aona wamkazi ali ndi kamwana kongobadwa kumene, kakusambira mokhudzana ndi make. Aphunzitsi a ophunzira aja awauza kuti pafupifupi dolofini aliyense amabadwa moyamba mchira, mutu pomalizira, kuti mwana asamwe madzi asanatuluke yense. Akangotuluka, make amamukankhira pamwamba kuti akapume mpweya woyamba.

Ndakhala pachulu nthawi yaitali, dzanja lili pamimba, thupi lonse tsembwe. Mulungu yemweyu anakonza kuti kwina kuyamba ndi kumiyendo kukhale kolondola. Ndipo palibe amene amafunsa dolofini kuti wayenda ndi yani.

Akutinso amalankhulana ndi timawu timene khutu la munthu silimva, ngakhale zilombo zowadya sizimva. Amayi a mumphakati akanaphunzirako.

Lachinayi, 16 Januwale

Beseni, zitenje zinayi, tizovala. Ndili kuchidikiro ku boma. Apongozi anafuna kuti ndiyambe ndamwa mankhwala awo a mizu, ndakana mwaulemu. Andiperekezabe. Njira yonse muminibasi osalankhulana.

Lachitatu, 22 Januwale

Wamwamuna. Dzulo masana. Adokotala ankakonzekera opaleshoni koma iye sanadikire, anayamba miyendo monga anakhalira. Atatuluka anali zii, osalira. Ndinkamva anamwino akumutikita kumsana, ine m'mutu muli kamwana ka m'nyanja kaja, mumtima ndikungoti mukankhireni pamwamba, mukankhireni pamwamba. Kenaka kamawu. Sindinamvepo chinthu chokoma chotere.

Apongozi alowa m'mawa uno. Anafunyulula kansalu n'kugwira kaphazi. Chala chachiwiri chakwera pa chachikulu, ngati a R., ngati malemu atate awo. Anakagwira nthawi yaitali. Za kuulula sanatchule.

Anakhala m'mphepete mwa bedi, mdzukulu ali pamiyendo, n'kuti, "Amake mwana, tandionetsaninso nsomba yoyamwitsa ija."